Khansala Wosakhala Pansi

Munthu amene wameta anthu zaka makumi awiri ndi zitatu sadziwa kutsutsidwa. Angamutsutse ndani? Iwe wakhala pampando, nsalu yakukulunga mpaka m'khosi, lumo lili pakholingo, ndiye mwini lumoyo akuti, "Tauni ino yawonongeka chifukwa cha anthirakuwiri, eti?" Umangoti "mm" ndi mphuno, kuopa kugwedeza mutu. Ndiye bambo ometa a pakona ya msika, pomva "mm" tsiku ndi tsiku kuchokera kwa aphunzitsi, abusa, apolisi ndi madalaivala, anafika pokhulupirira kuti nzeru zonse za m'tauni zinasamukira m'mutu mwawo. Chisankho cha makhansala chitayandikira, anapachika mashini ometera pamsomali, navala jekete, nalowa mpikisano paokha, opanda chipani.

Dera lawo linali ndi vuto limodzi lodziwika ndi aliyense: madzi. Mpope unalipo, pafupi ndi sukulu, koma unatulutsa dontho lomaliza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo tsopano ntchito yake inali yomangapo chingwe choyanikira zovala. Amayi ankadutsa msewu waukulu ndi zigubu kukatunga kudera lina, kuzemba malole popita, kuzemba malole pobwerera, uku eni deralo akuwanena kuti amadzazitsa mzere.

Pamsonkhano womaliza wa kampeni bambo ometa aja anakwera kumbuyo kwa lole, wina nawapatsa chimkuzamawu. Koma abale, chimkuzamawu ndi chinthu choipa. Chimakoka m'mimba mawu amene munthu sanawaganize.

"Mukandisankha," anakuwa motero, chala chikuloza mpope wouma uja, "sindidzakhala pampando wa khonsolo mpaka madzi atatuluka apo! Chaka, zaka ziwiri, zisanu, ine ndidzangoti njoo! Amene adzandione nditakhala, adzandilavulire!"

Bwalo linawira. Amayi anaomba zigubu ngati ng'oma. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaombe m'manja: akazi awo, amene ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la nyumba. Iwo anangogwira tsaya, poti mwamuna wawo ankamudziwa: akanena, wanena. Bambowo anapambana kutalitali, ndipo pofika m'mawa mwake dzina lawo lenileni linali litaiwalika. Aliyense ankangoti a Chiimire.

Iwo sanade nkhawa. Kuimirira? Ntchito yawo kuyambira unyamata inali yomweyo. Tsiku loyamba la khonsolo analowa m'holo nsapato zikung'anima, nakankhira mpando wawo pansi pa tebulo, naima kumbuyo kwake manja atapinda.

Makhansala onse analipo asanu ndi anayi, ndipo anagawanika pakati ndendende. Anayi anali kumbali ya a Meya, kuwerengera a Meyawo. Amenewa anali mayi wamfupi, wa magalasi olenjekeka pachingwe, amene analowapo zipani zitatu ndipo kulikonse ankabwerako ndi kanthu: uku magetsi a mumsewu, uko denga la msika. A Chiimire ankanyansidwa nawo. Anayi ena anali kumbali ya a Thovu, mwini malo atatu otsukirapo magalimoto, amene dzinalo analitengera kuntchitoko komanso pakamwa, poti akayamba kulankhula woyandikana nawo ankaphimba mapepala. Wachisanu ndi chinayi, wopanda mbali, anali a Chiimire.

Mfundo yoyamba inachokera kwa a Meya: msewu wopita kuchipatala upatsidwe dzina la malemu mayi awo a nduna ina. Ha! A Chiimire anapsa mtima. Analankhula mphindi makumi awiri osameza malovu. Kunyambita! Kugulitsa ulemu wa tauni! Mayi amenewa anapondapo liti mumsewu umenewu? Atatha anapukuta thukuta, mtima uli mbee, akudikira kuti holo yonse iti "mm."

"Zikomo, olemekezeka," anatero a Meya mwaulemu. "Ovomera aimirire."

Anthu anayi anadzuka. A Mlembi wa khonsolo, bambo wowonda wa buku lamalamulo lomata ndi tepi, anawerenga ndi nsonga ya bolopeni.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Mfundo yadutsa."

"Asanu ati?" anafunsa a Chiimire akucheuka. "Wachisanu ndani?"

"Ndinu, olemekezeka."

"Ine? Simunamve zimene ndanena?"

"Ndamva, ndipo ndalemba zonse. Koma lamulo likuti woimirira wavomera, wokhala pampando wake wakana." A Mlembi anatsegula bukulo nawaonetsa ndi chala. Kale, iwo anafotokoza, ankavota pokweza dzanja, mpaka tsiku lina khansala wina anawerengedwa akuthamangitsa ntchentche, ndipo m'holomo munauluka mipando. Kuyambira pamenepo anasankha miyendo, poti palibe amaimirira mwangozi. "Mukafuna kukana, ingokhalani pansi kamphindi. Ine ndiwerenga mwachangu."

A Meya anavula magalasi kuti aone bwino. A Chiimire anayang'ana mpando uja, nayang'ana kumabenchi akumbuyo kumene amayi asanu a m'dera lawo anabwera kudzaona ngati munthu wawo aimiriradi.

"Mawu anga ndi amodzi," anatero. "Sindikhala."

Amayi aja anaimba m'manja mpaka mlonda anawatontholetsa.

Kuyambira tsiku limenelo khonsolo inapeza chuma. Mbali ya a Meya ikabweretsa mfundo, anayi awo ndi a Chiimire, yadutsa. Mbali ya a Thovu ikabweretsa yake, anayi awo ndi a Chiimire, yadutsanso. Zitseko zinkakhomedwa nthawi yovota, choncho pothawira panalibe, ndipo iwo eni ankati anasankhidwa kuti aziima m'holo, osati pakhonde. Masana ena anavomera kuti mtengo waukulu wa kutsogolo kwa holo udulidwe, ndipo ola lisanathe anavomeranso kuti mtengo womwewo utetezedwe. Wodula mitengo anabwera ndi sowo, nadula nthambi imodzi, nakhomera chikwangwani choletsa kudula panthambi inzake, nabwerera kwawo mutu uli balala. Pamfundo iliyonse a Chiimire ankalankhula motsutsa, mwaukali, ndi zifukwa zomveka bwino. Akatha, a Mlembi ankawawerenga pamodzi ndi ovomera.

Nanga mfundo yawo ya madzi? Anaibweretsa kanayi. Nthawi iliyonse mbali zonse ziwiri zinkawatsina khutu m'khonde: ife tikuimirirani, koma inu mutikhalireko kamodzi pamfundo ya anzathuwo. Iwo ankayankha mokweza, kuti ndi alonda omwe amve, kuti madzi si malonda. Ndiye ikafika nthawi yovota, anthu asanu ndi atatu ankakhazikika bwinobwino m'mipando mwawo, wina mpaka kupiringiza miyendo. A Mlembi ankakweza bolopeni nati, "Mmodzi."

Koma kunja, ayi ndithu, dzina linakula. Nyuzipepala inajambula chithunzi chawo, ali njoo pakati pa mitu ya anthu okhala. Pawailesi anawatcha mwamuna wa mawu ake. Achinyamata anasindikiza masikipa olembedwa kuti SITIKHALA, ndipo m'minibasi anthu ankakana kuwapatsa malo, ati kuwalemekeza. Zimenezi a Chiimire zinkawakomera, tisabise. Ankayenda mumsewu khosi lili gwa, akumva kutsekemera kumtima.

Chimene nyuzipepala sinajambule ndi mapazi. Kuimirira pometa n'kwina: umayendayenda, umawerama, kasitomala akatuluka umakhalako pabenchi. Kuimirira maola asanu pamalo amodzi, pasimenti, a Thovu akuwerenga lipoti la ngalande, n'kwinanso. Pofika mwezi wa khumi akakolo ankatupa mpaka nsapato kukana kuvulika. Akafika kunyumba madzulo, akazi awo ankawaikira beseni la madzi ofunda kuti aviikemo.

Tsiku lina anaika besenilo mwamphamvu, madzi n'kutayikira pansi.

"Pang'onopang'ono, mayi aana. Madzi akuvuta."

"Mwadziwa liti?" Anakhala pamashini awo osokera koma sanapondepo. "Madzi amenewo ndawatenga kutsidya kwa msewu. Ndaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kuwawa, ndipo yunifolomu zitatu sindinazigwire. Inu mukaima m'holo, fani ikukupepesani, amakujambulani. Ine ndikaima ndi chigubu, amanditukwana kuti ndine wa kwa Chiimire, ndikamwe mawu a mwamuna wanga."

"Mtsogoleri amayenera kukhala ndi mfundo."

"Mfundo muli nazo, bambo aana, palibe akukana. Zadzaza nyumba. Dzulo lole inatsala pang'ono kuphwanya mayi woyembekezera wa kuseri kuja, chigubu n'kuphulika pakati pa msewu. Mukamuuze za mfundo."

A Chiimire anayang'ana zala zawo za kumapazi m'madzimo. Anafuna kuyankha, koma m'nyumba muno analibe lumo.

Lamulo lina la m'buku lomata tepi lija linkati Meya sangachotsedwe asanathe chaka pampando. Chaka chitangokwana, a Thovu anapereka mfundo yochotsa a Meya, yoti ivoteredwe Lolemba. Tauni yonse inadziwa mmene zithere. A Thovu anali ndi anayi, ndipo wachisanu sankafunika ngakhale kumupempha.

Loweruka a Chiimire ankatsegulabe shopu yawo yometera, kuti dzanja lisaiwale. M'mawa umenewo, ali kupukuta galasi, galimoto ya khonsolo inaima pakhomo. Anatsikamo a Meya, okha, nalowa, nakhala pampando wometera ngati anazolowera.

"Mundidule kumbuyoku, kwakula. Osafupikitsa kwambiri."

Kasitomala ndi kasitomala. Anawakulunga nsalu, natenga lumo, nayamba kuwongola m'mphepete mwa tsitsi kuseri kwa khutu. Ndipo poti chizolowezi sichifunsa, pakamwa panatseguka pokha.

"Tauni ino yawonongeka chifukwa cha anthirakuwiri, eti?"

"Ayi," anatero a Meya.

Dzanja linaima m'malere. M'shopu imeneyi mawu amenewo anali asanamvekepo.

"Tauni ino yawonongeka chifukwa mapaipi ake ndi akale kuposa inu ndi ine. Pitirizani kumeta, ndili ndi msonkhano. Kuseri kwa holo, pansi pa tenti yobiriwira ija, mukudziwa muli chiyani? Mapaipi atsopano, lole yodzaza. Okwana kuchoka pathanki yaikulu mpaka pampope wa pasukulu panu."

"Achokera kuti?"

"Kwa nduna ija. Mukukumbukira msewu wa mayi ake? Munandithandiza ndinu, ndi voti yachisanu. Munthuyo analira misozi poona chikwangwani, ndipo ndisanatuluke muofesi mwake ndinamusainitsa. Inu mumati kunyambita. Chabwino, ndinanyambita, ndipo mapaipi ali kuseri kwa holo."

A Chiimire anatsitsa lumo. "Ndiye bwanji simunawatumize?"

"Ndikanawatumiza dzulo, Lolemba mukanandikhalira pansi?"

Koma mayi ameneyu! Analibe ndi manyazi omwe. Ankawayang'ana pagalasi, maso ali phee.

"Lachiwiri lole ija inyamuka," anapitiriza a Meya. "Ikakhota kumanja, ikubwera kwanu. Ikakhota kumanzere, ikupita kumene anzathu amatsukira magalimoto, poti nawonso akuti madzi akuchepa mphamvu. Wouza dalaivala kokhotera ndi amene adzakhale Meya m'mawa umenewo. Ine sindine woyera, a Chiimire, ndipo sindikupemphani kuti mundikonde. Ndikupemphani mukhale pansi nthawi yokwana a Mlembi kuwerenga mpaka zinayi."

"Ndinalumbira pamaso pa anthu."

"Munalumbira kuti muwapatsa madzi, kapena kuti muwaonetsa miyendo?"

"Zonse ziwiri!"

"Ndiye sankhanipo chimodzi, chifukwa zonse ziwiri sizikwera lole imodzi." Anadzimasula okha nsalu ija, nadziyang'ana kumbuyo ndi kagalasi kam'manja. "Kumeta ndiye mumatha, zimenezo sindingakunamizeni."

Masana a tsiku lomwelo anafika a Thovu, mutu uli kale mbee wopanda tsitsi limodzi, choncho anangoima pakhomo manja ali tambasu.

"Mkulu wanga! Chipilala cha tauni! Ine sindikupemphani kanthu. Ena amapempha, ine ayi. Lolemba inu ingochitani zomwe mumachita masiku onse. Ndabwereka mabasi awiri oti adzatenge anthu a m'dera lanu, adzaone ndi maso awo mwamuna wawo akugwetsa nthirakuwiri."

"Nanga mapaipi a kuseri kwa holo?"

Kumwetulira kwa a Thovu kunatsimphina pang'ono. "Aa, mwamva kale? Amenewo tidzaunika. Tidzakhazikitsa komiti yoona komwe madzi akufunika kwambiri pachitukuko cha bizinesi. Dera lanu lili pamtima panga, mkulu wanga, apa penipeni." Anadziguguda pachifuwa, ndipo a Chiimire anapukuta galasi kachiwiri.

Lolemba analawira kukapeza a Mlembi asanatsegule holo. Munthu wa mfundo uja, wosapita m'mbali uja, analowa muofesi monyang'ama natseka chitseko.

"A Mlembi, tiyerekeze munthu wadwala lero. Mutu, kapena m'mimba."

"Pamfundo yowachotsa, a Meya savota. Atsala atatu kumbali yawo, anayi kwa a Thovu. Munthuyo akadwala, anayi aposa atatu, a Meya apita. Akakhala pampando, anayi kwa anayi, mfundo yagwa."

"Nanga atakhala pansi penipeni, pasimenti? Paja analumbirira mpando."

A Mlembi anatsegula buku. "Khansala wopezeka pasimenti amatengedwa kuti wakomoka. Alonda amamunyamula kupita naye panja."

"Atanjuta? Osakhudza mpando, kungopinda mawondo chonchi?"

"Olemekezeka," anatero a Mlembi motopa, "ine ndimawerenga anthu oimirira ndi anthu okhala. Za pakatipo zinatithera mipando."

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Mabasi a a Thovu anagwira ntchito: mabenchi onse anali masikipa a SITIKHALA okhaokha, ndipo a Chiimire atalowa, anthu anaimirira onse n'kuyamba kuponda pansi. "Chi-i-mi-re! Chi-i-mi-re!" Mtima wawo unafufuma ngakhale sanafune. Anthu amenewa ankawakonda, ndipo chikondi chotere munthu wometa sachipeza kawiri. Kumapeto kwa benchi yachitatu kunali akazi awo, atavala diresi ya tsiku ndi tsiku, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Iwo okha ndiwo anali atakhala.

A Thovu analankhula ola lathunthu. Anatchula zipani zitatu za a Meya chimodzichimodzi, natchula msewu wa mayi a nduna, natchula mawu onse amene a Chiimire ankanena m'shopu mwawo zaka zonsezi. Chopweteka n'chakuti munalibe bodza. Akanakhala kuti akumeta munthu, a Chiimire akananena zomwezo, mwinanso mokoma kuposa pamenepo. A Meya anangokhala akupukuta magalasi ndi ngodya ya mpango.

Zitseko zinakhomedwa. Wachiwiri kwa Meya, amene ankatsogolera zokambirana tsikulo, anakonza pakhosi.

"Ovomera kuti a Meya achotsedwe, aimirire."

Anthu anayi anadzuka, a Thovu patsogolo, akumanga batani la jekete ngati munthu wokajambulitsa. A Mlembi anakweza bolopeni.

"Mmodzi."

A Chiimire anagwira nsonga ya mpando wawo.

"Awiri."

Anaukoka. Mpandowo unali usanasunthidwepo chaka chathunthu, ndipo miyendo yake inalira pasimenti mpaka kuponda kwa anthu kunalekeza.

"Atatu."

Unali ukadali m'pulasitiki ya kusitolo, fumbi lili mbuu pamwamba. Anaganiza zoupukuta, koma nthawi inalibe. Anatseka maso, napinda mawondo, natsika.

Mpweya wonse umene unatsekeredwa m'pulasitikimo unatulukira pakabowo kamodzi, ndi phokoso lalitali, lonyozeka, limene sitingalilembe pano. Linamveka mpaka kubenchi yomaliza. Ndipo chimene a Chiimire sadzaulula kwa munthu mpaka kumanda n'chakuti mpandowo unali wofewa. Mayo ine, kufewa kwake! Msana unamasuka, akakolo anapuma, thupi lonse linathokoza, ndipo manyazi anawagwira kwambiri chifukwa cha kukomako kuposa chifukwa cha phokoso.

"Anayi," anatero a Mlembi. Bolopeni inafika pamalo pamene inazolowera kupeza munthu, nizungulira m'malere, nitsika. "Anayi kwa anayi. Mfundo yagwa."

Kenaka wina kumbuyo anakuwa, "Wakhala!" Wina, "Wagulidwa!" Holo inaphulika. Sikipa ina inauluka n'kugwera patebulo. A Thovu ankalankhula, koma chinkaoneka ndi thovu lokha. Mayi wina wa m'dera louma lija, amene anavina kwambiri tsiku la kampeni, anakankha alonda mpaka kufika kutsogolo, nawayang'ana m'maso a Chiimire.

"Munati amene adzakuoneni mutakhala achite chiyani?"

"Ndinanena, mayi," anayankha motsitsa. "Chitani."

Mayiyo anasonkhanitsa malovu, nawayang'ananso, nalavulira pansi pafupi ndi nsapato. "Ndi malovu omwe ndilibe okwanira," anatero. "Ludzu."

Lachiwiri lole inakhota kumanja. A Chiimire anaiona ali pawindo la shopu, imene tsiku lonselo simunalowe munthu. Anyamata anakumba ngalande ya mapaipi milungu itatu, ndipo Lachisanu lina m'mawa chingwe choyanikira chinamasulidwa pampope. Panamangidwa tenti, panabwera a wailesi. A Meya anapotokola mpopewo ndi manja awiri, unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenaka madzi anati phwaa. M'mawu awo anathokoza nduna, anathokoza malemu mayi a nduna, anathokoza dalaivala wa lole ndi anyamata okumba. Khansala wa deralo anaima kumbuyo kwa tenti, pafupi ndi jenereta, ndipo dzina lake silinamveke. Atakumana pagalimoto, a Meya anawanong'oneza kuti, "Ndikanakutchulani akanandiwooza, mwambo n'kuwonongeka. Mukumvetsa." Anamvetsa, ndipo kumvetsako kunawanyansa.

Pofika Lamlungu kumpope kunali kutabadwa nyimbo. Amayi ankaimba podzaza zigubu, wina kutsogolera, ena kuvomera: anaima, anaima, anatopa, anaona mpando wofewa, anagona. Pamapeto pa ndime iliyonse onse ankachita ndi milomo phokoso lija la pulasitiki, n'kufa nacho chikhakhali. Mpope unali mayadi makumi atatu okha kuchokera pakhonde la a Chiimire, choncho ankaimva kuyambira m'mawa.

"Mayi aana," anatero atakhala pakhondepo, "mukawauzeko anzanuwo. Akudziwa kuti lole ija ikanakhota kumanzere?"

"Ndinawauza."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti madzi abwera ndi a Meya. Inu akuti munangotopa." Anatula ndowa yodzaza, yachinayi m'mawa umenewo, osapuma ndi befu lomwe. "Chisankho chikubwerachi musadzavutike n'kusita jekete."

Zinawapweteka, ndipo sanabise. Chaka chathunthu cha mapazi otupa, dzina la pawailesi, anthu oponda pansi, zonse zinathera pamphindi imodzi, ndipo amene anawachitira zimenezo ndiwo ankawaimba. Anayang'ana mzere wa zigubu ukuyenda mofulumira. Kenaka anamva kanyimbo komweko kakuchokera pafupi, m'nyumba mwawo momwe, chapansipansi, pamodzi ndi kulira kwa makapu.

"Nanunso?"

Akazi awo anatulukira pakhomo, kapu ili m'manja, nkhope ikulimbana ndi kuseka. "Pepani, bambo aana. Nyimboyi ndi yokoma, imangolowa yokha." Anagwada pang'ono, chinthu chimene anali atasiya kalekale, nawapatsa kapuyo ndi manja awiri. "Imwani. Ndi anu."

Anamwa pang'onopang'ono, akufunafuna kafungo ka dzimbiri, kapena kamchenga kamodzi koti adandaule nako. Munalibe. Madziwo anali oyera, ozizira bwino. Kumpope amayi anafika pamapeto pa ndime, nachita phokoso lija onse pamodzi. A Chiimire anapukuta pakamwa, natambasula kapu kupempha ena.